Musafulumire kukhuthula madzi m'paipi yokwiriridwa m'konkire

Amisiri ambiri akamaganiza za paipi yachitsulo yopititsa madzi kumakina opangira magetsi, nkhawa yawo imakhala yoti ingaphulike. Koma paipi yodutsa m'phiri, yomatidwa ndi konkire mbali zonse, kawirikawiri imavulala tsiku limene mulibe madzi. Tsiku limene mwatseka chipata cha madzi kuti mulowemo mukayendere ndilo tsiku loopsa.

Chimachitika n'chiyani? M'ming'alu ya thanthwe mumakhala madzi, ena ochokera m'nthaka, ena othawa m'ngalande yobweretsa madzi kupaipi, asanafike pomwe chitsulo chayambira. Paipi ikadzaza, madzi am'kati amakankhira kunja ndipo chitsulo chimatsamira konkire. Mukakhuthula, otsala ndi akunja okha. Mamita 10 aliwonse a madzi amalemetsa matani 10 pa sikweya mita imodzi, ndiye ngati madzi a m'phiri ali mamita 100 pamwamba pa paipi, ndi matani 100 amenewo, usana ndi usiku.

Chitsulo chimapirira kukokedwa, koma chopyapyala chikafinyidwa chimagonja msanga. Paipi ya mamita 3 m'mimba mwake, yokhuthala mamilimita 20, itakhala payokha popanda chotsamira, ingapindike ndi madzi akunja ozama mamita 14 okha. Paipi yotere, mukawirikiza kukhuthala kwake kawiri mphamvu yake yokana kufinyika imakwera kasanu ndi katatu. Chomwecho dzimbiri likadya mamilimita awiri, musanene kuti n'zochepa.

Konkire ndiye amaipulumutsa. Paipi yopanda chotchinga imaphwatalala, kwina kulowa kwina kutuluka. M'konkire ilibe kotulukira, choncho imapirira kuwirikiza kambiri, ndipo ikagonja imagonjera malo amodzi: chigawo chimodzi chimachoka pakonkire n'kupindikira m'kati ngati lilime, motsata utali wa paipi. Kapindikidwe kameneka ndi komwe injiniya wina dzina lake Amstutz anakafotokoza m'masamu, ndipo injiniya winanso, Jacobsen, anawonjezerapo mu 1974. Mainjiniya akugwiritsabe ntchito masamu awo.

Apa ndiye ndikufuna tiimepo, chifukwa masamu onsewo amadalira kanthu kamene diso silingakaone: mpata wa pakati pa chitsulo ndi konkire. Konkire akamauma amatentha, chitsulo n'kufutukuka. Kenaka konkire amanyala, madzi ozizira akalowa chitsulo nacho chimabwerera. Paipi ya mamita 3 ija ikazizira ndi madigiri 20, imachoka pakonkire ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita kuzungulira konse. Kampata kameneko kamachepetsa mphamvu ya paipi, chifukwa chitsulo chimapeza poyambira kuyenda. Nanga mphako zimene zimatsala pamwamba pa paipi konkire akapanda kudzaza bwino? Zimenezo ndiye zoopsa kwambiri. Mukamaliza kuthira konkire, yendani m'katimo ndi hamala, gogodani paliponse, ndipo pomwe pakulira ngati ng'oma lembani chizindikiro. Pamenepo popereni phala la simenti kudzera m'mabowo a pachitsulo mpaka padzaze.

Koma samalani, phalalo nalonso ndi mphamvu yofinya kuchokera kunja. Woyendetsa pampu asachotse diso pa geji yoonetsa mphamvu ya phalalo, ndipo asapyole muyeso umene injiniya wapereka, ngakhale bowo likuoneka kuti likumwabe. Mukatha, tsekani mabowo onse ndi kuwotcherera bwino. Pothira konkire wamadzi, ikani zochirikiza m'kati mwa paipi kuti isataye kubulungira kwake, pakuti malo ophwatalala pang'ono, makamaka pamsoko wowotcherera, ndi pomwe kupindika kumayambira.

Pomwe madzi akunja ndi ambiri, wokonza pulani amasankha chitsulo chokhuthala, kapena mphete zolimbitsa zowotcherera kunja kwa paipi, kapena timipope tochotsa madzi kuseri kwa chitsulo. Ine timipopeti sindikadalira tokha. Timatsekeka ndi laimu wochokera m'konkire, ndipo timatsekeka mwakachetechete. Ngati tilipo, muziyeza madzi otulukamo nthawi ndi nthawi. Akachepa popanda chifukwa, musakondwere, fufuzani.

Tsono likafika tsiku lokhuthula, tsitsani madzi pang'onopang'ono, m'magawo, mukuima pakati kuti madzi a m'thanthwe nawo atsike. Ngati muli ndi zida zoyezera madzi a kuseri kwa paipi, ziwerengeni musanatsegule valavu komanso pa gawo lililonse, ndipo kusiyana kwa madzi akunja ndi am'kati kusapitirire muyeso wa pa pulani. Pewani kukhuthula mvula itangogwa yambiri. Onetsetsaninso kuti valavu yolowetsa mpweya ikutseguka, chifukwa ikakakamira, madzi otuluka amasiya m'paipi mopanda mpweya, ndipo zimenezo zimawonjezera katundu wofanana ndi mamita ena pafupifupi 10 a madzi.

Ndikudziwa kuti makina akaima aliyense amafunsa kuti muyatsa liti. Auzeni masiku enieni musanayambe, kuphatikizapo okhuthulira, ndipo alembedwe.