Kamwedwe ka Coartem: Malangizo kwa Asilikali Acinyamata Ogwila Nchito pa Madzi

Malangizo awa ni a inu anyamata na atsikana ocokela ku Chipata, Katete, Petauke na Lundazi amene mwaloŵa usilikali, maka-maka otumizidwa kukayenda pa boti ku Mweru, Bangweulu, Tanganyika kapena m'cigwa ca Luangwa. M'mbali mwa madzi udzudzu ni wambili, ndipo nthawi zina cipatala cimakhala kutali. Conco muyenela kudziŵa nokha zimene zalembedwa pa paketi ya Coartem, mankhwala a malungo.

Thupi likatentha, pimitsani magazi coyamba. Si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo.

Mu Coartem muli mankhwala aŵili, artemether na lumefantrine. Yang'anani manambala pa paketi. Ngati palembedwa 20/120, munthu wolemela makilo 35 kapena kuposa amamwa mapilisi 4 nthawi imodzi, maulendo 6 m'masiku atatu, onse pamodzi 24. Ngati palembedwa 80/480, pilisi ni limodzi cabe ulendo uliwonse. Apa m'pamene ambili amasokonezeka, ndiye mukakayikila funsani nasi musanacoke pa windo. Kufunsa sikucotsa ulemu wa yunifomu.

Tsiku loyamba, imwani mukangolandila, ndipo mumwenso pakapita maola 8. Mukamwa 08:00, ulendo waciŵili ni 16:00. Tsiku laciŵili na lacitatu, m'maŵa na madzulo.

Musamwe na njala. Lumefantrine amaloŵa bwino m'magazi ngati m'mimba muli cakudya ca mafuta. Kapu ya mkaka, nshawa zokazinga, phala lothila nsinjilo, kapena nsima ya ndiwo zotendela, zonsezi zimathandiza. Mukasanza ola limodzi lisanathe, mwaninso mapilisi ena, ndipo muuze wa zaumoyo kuti akuwonjezeleni.

Cofunika kopambana ni kutsiliza. Pa tsiku laciŵili thupi limapepuka, munthu n'kuyamba kuganiza zobwelela ku paledi, mapilisi otsala n'kusungila mnzake wa mu balaki. Conde musacite zimenezo. Tizilombo tina timakhala tikali m'magazi, malungo amabwelanso, ndipo mnzanuyo naye sacila na mankhwala osakwana.

Mankhwalawa angacititse cizungulile kapena kufooka. Mukamva conco, musayendetse boti kapena motoka. Uzani mkulu wanu. Amene ali na vuto la mtima, amene ali na pakati, kapena amene akumwa mankhwala ena monga ma ARV na a TB, auze dokotala asanayambe.

Wodwala akayamba kukomoka, kusokonezeka mutu, kupuma movutikila, kusanza ciliconse, kukodza mkodzo wakuda, kapena maso akacita cikasu, mapilisi sakwanila. Munyamuleni mwamsanga kupita ku cipatala capafupi kuti akalandile jekeseni ya artesunate, ngakhale pakati pa usiku.