Momwe mungakonzere mawu a masipika m'chipinda chaching'ono ndi ndalama zochepa

Chipinda changa kuno ku Nchalo ndi cha mamita atatu uku ndi uku: khoma la njerwa, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i. Kwa zaka ziwiri ndinkamvera nyimbo pa wayilesi ya masipika awiri imene pabokosi pake analembapo 2000W PMPO, nambala yodzitamira mphamvu yake, ndi zilembo zofiira zikuluzikulu. Phokoso linalipo lambiri, koma ndikayika nyimbo ya ulimba, timitengo tonse tija tinkamveka ngati munthu akumenya chidebe chimodzi. Ndinkasunga ndalama zoti ndigule sabuwufa yaikulu, sipika ya besi yokhayokha, osadziwa kuti m'chipinda chotere theka la vuto limatha osatulutsa ndi tambala yomwe. Nayi njira imene ndinatsata, ndipo ndikupempha kuti musalumphe n'kuyambira pogula.

Yambani ndi pomwe masipika akhala

Ambirife timaika sipika pansi, pakona, ina pamwamba pa kabati. Pakona besi imakula, koma imameza mawu ena onse, mumangomva kuti duu, duu. Achotseni pamenepo. Ganizirani mafuwa atatu a pamoto: masipika awiri ndi mutu wanu mukakhala pampando zitalikirane mofanana, pafupifupi mita imodzi ndi theka. Kasipika kakang'ono ka mawu oonda, twita, kakhale molingana ndi makutu anu, ndipo masipikawo muwakhotetse pang'ono ayang'ane kwa inu. Kumbuyo siyani mpata wa masentimita 20 mpaka 30 kuchokera kukhoma, makamaka ngati bokosi lili ndi bowo lotulukira mpweya kumbuyoko.

Pansi pa sipika iliyonse ikani tizidutswa ta patapata wakale, kuti tebulo lisamanjenjemere nawo. Kukweza masipika kuli ndi phindu linanso kwa ife a kuchigwa: amene anaona madzi a Januwale 2015 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti chilichonse chokhala pansi ndiye chimayamba kumira.

Kenako chipinda chenichenicho

Imani pakati pa chipinda, muombe m'manja kamodzi. Mukamva kamawu kakubwerera, ndiye kuti simenti ndi khoma zikubweza mawu. Yalani mkeka pakati pa inu ndi masipika, pazenera pachikani katani yokhuthala, ngakhale zitenje ziwiri zosokedwa pamodzi. Mukatero ikani nyimbo ya besi yambiri, muziyenda m'chipindamo kumvetsera chimene chikulira. Kwanga anali magalasi awiri a zenera ndi msomali umodzi wa lata womwe unali utakhwepa. Ndinkanamizira sipika kuti yang'ambika.

Mawaya

Apa mpamene ambiri amataya besi osadziwa. Sipika iliyonse ili ndi mbali ya + ndi ya –. Imodzi ikalumikizidwa mosemphana ndi inzake, ina imakankha mpweya pamene ina ikukoka, besi n'kuzilala. Ngati zizindikiro zinafufutika, chotsani waya ku ampu, chokuzira mawu chimene masipika amalumikizidwako, mutenge batire laling'ono la 1.5V la mu rimoti, mukhudzitse nsonga ziwirizo kamphindi chabe. Pepala la sipika likatulukira kunja, waya amene ali kumutu kwa batire ndiye +. Mangani kaulusi kofiira pamenepo. Chitani chimodzimodzi ndi inayo.

Tiwaya towonda ngati tsitsi timene timabwera ndi wayilesi tichotseni. Waya wa kopa wa 1.0 kapena 1.5 mm², wogulitsidwa pa mita m'mashopu a zamagetsi, ndi wokwanira. Pomwe panachita dzimbiri dulanipo, musendenso.

Onani thanzi la masipika amene muli nawo

Chotsani chotchinga cha kutsogolo. M'mphepete mwa pepala muli mkombero wofewa. Ukakhala wa siponji, kutentha kwa kuno, komwe mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, pamodzi ndi chinyontho cha dzinja, kumaufumbutsa mpaka umangoyoyoka mukaukhudza. Mkombero umenewu umasinthika, ndipo mmisiri wokonza mawayilesi amaumata ndi guluu pamtengo wotsika kuposa sipika yatsopano. Kenako ikani zala mozungulira pakati pa pepalalo, mukankhe pang'onopang'ono. Likayenda mwakachetechete, zili bwino. Mukamva kukhwekhwereza, koyilo ya mkati inapsa kapena inapindika.

Suzumiraninso m'bowo la mpweya. Ine ndinapezamo chisa chadothi cha mavu, cholimba ngati njerwa, chitatseka theka la bowo. Ming'alu ya bokosi itsekeni ndi guluu wa matabwa, zomangira zonse muzilimbitse.

Tsopano mukhoza kugula

Mukafika apa mawu asanakukhutiritseni, ndalama ipite ku masipika, osati ku ampu. Musanapite kumsika yang'anani kumbuyo kwa ampu yanu, mupeze nambala ya ma ohm, yosonyeza mmene sipika imakanira magetsi: 4, 6 kapena 8. Musagule sipika ya ma ohm ochepera pa amene alembedwapo, chifukwa ampu idzatentha n'kupsa. Musaunjikenso masipika awiri pamalo amodzi olumikizira: awiri a 8 amasanduka 4, awiri a 4 amasanduka 2, ndipo maampu ambiri a m'nyumba sapirira zimenezo.

Nambala ya PMPO ingoyiwalani, ndi yokopera ogula. Yoona ndi ya RMS, yosonyeza mphamvu imene ampu imatulutsa mosalekeza, ndipo m'chipinda ngati changa mawatsi 15 kapena 20 mbali iliyonse ndi ambiri kale. Mukawirikiza kawiri mawatsi, mawu amangokwera ndi madesibelo atatu, pang'ono chabe kukhutu. Sipika ya mainchesi 5 kapena 6.5 yokhala ndi twita yake ndiyo yoyenera. Ya mainchesi 12 isiyireni azikwati.

Masipika akale a kaunjika, amene mungawapeze mukakwera mtunda kupita ku Limbe kapena Ndirande, nthawi zambiri amaposa atsopano apulasitiki a mtengo womwewo. Nyamulani bokosi m'manja: lolemera, losalira ngati ng'oma mukaligogoda, ndilo labwino. Sankhani a mkombero wa labala kapena wansalu. Pitani ndi nyimbo yanu imene mumaidziwa bwino, mumvetsere sipika iliyonse payokha, voliyumu ili pansi. Wogulitsa akamakweza voliyumu mpaka kumapeto, muuzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, tatsitsani pang'ono ndimve mawu a woimbayo."

Njira ina yotchipa ndi masipika a m'galimoto. Ambiri ndi a ma ohm 4, ndipo popanda bokosi alibe besi. Kalipentala akukhomereni mabokosi awiri ofanana a pulayiwudi wokhuthala, otsekeka bwino, mkati muikemo thonje la mu pilo wakale. Matabwa a utuchi wopanikiza amafufuma akangonyowa, kuno sakhalitsa. Ngati mukuwonjezera twita padera, isalumikizidwe mwachindunji: pakhale kachipangizo kotchinga besi kotchedwa kapasita, yosasankha mbali ya + kapena –, ya 3.3 kapena 4.7 µF, apo ayi besi idzaiwotcha tsiku lomwelo.

Ampu ndi kutentha

Amene mumadalira sola, timaampu tating'ono ta Class D timayenda pa batire la 12V, sitidya moto wambiri ndipo sititentha kwambiri. Ampu iliyonse ipatseni mpweya, musaifunditse kansalu kokongoletsera ikamagwira ntchito. Mawu akayamba kusasa, tsitsani voliyumu msanga, chifukwa ampu yokakamizidwa ndi imene imapha twita. Magetsi akazima zulani pulagi, mudikire abwere n'kukhazikika.

M'miyezi ya fumbi ndimavundikira masipika anga ndi chitenje ndikamachoka m'mawa. Madzulo ndimachivundukula, voliyumu n'kuiika pang'ono chabe, ndipo ulimba uja tsopano ndimatha kusiyanitsa woimba mitengo yaing'ono kumanzere ndi wa mitengo yaikulu kumanja.