Akakutulani ntchito yolemba mbiri ya malemu

Usiku wachiwiri wa maliro a atate ku Chilenje, mu Lusaka, ndinali kuseri kwa nyumba kuwerengera azimayi a mumpingo makabichi pomwe atate aang'ono anandikodola. Anangoti, "Mwanawe, wasukulu pano ndiwe. Mbiri ya akulu anga ulembe, mkuja tikuika." Atatero anabwerera kumoto komwe kunali azibambo. Atate anatisiya ali ndi zaka 87. Ine mwana wawo wachinayi, amene ndinkadya nawo nsima Lamlungu lililonse, ndinakhala pansi ndi bolopeni n'kupeza kuti ngakhale chaka chomwe anafika mu Lusaka sindikuchidziwa. Chichokereni apo ndalemberako mabanja ena anayi a kumpingo kwathu, ndiye zomwe ndikuuzeni pano zambiri ndinaziphunzira ndi manyazi.

Musathamangire kulemba. Tengani kope ndi foni, mukakhale pansi ndi namfedwa wamkulu, kutanthauza mkazi wa malemu ngati alipo. Masana n'zosatheka, chifukwa aliyense wolowa amayambitsa maliro ndipo amama sangayankhule ziganizo ziwiri osadulidwa. Nthawi yabwino ndi mbandakucha, a kwaya atatopa, anthu ambiri atagona pamphasa. Ine ndinalowa cha m'ma 4, n'kuwapeza amama ali maso atatsamira khoma. Pemphani chilolezo chojambula mawu pafoni, pakuti dzanja silingapikisane ndi pakamwa pa munthu amene wayamba kukumbuka.

Mafunso a zaka amavuta ngati muwafunsa ngati wapolisi. Mukati, "Munakwatirana chaka chanji?" nkhalamba imangoyang'ana kudenga. Akuluakulu athu amasunga nthawi ndi zochitika, manambala ndi ntchito yanu. Amama anandiuza kuti ukwati wawo unadalitsidwa "Welensky akadalipo", ndipo pa tsiku la ufulu anali ndi mwana kumbuyo. Roy Welensky anali nduna yaikulu ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1956 kufikira chitaganyacho chitatha mu 1963, ndipo ufulu wa Zambia unabwera pa 24 Okutobala 1964. Apo ndinadziwa kale pofunafuna, ndipo mtchatho, chikalata cha ukwati wawo, utapezeka m'sutikesi unati 1962. Zikhomo zoterezi zilipo zambiri: kwacha inalowa m'malo mwa mapaundi mu 1968, a Kaunda anachoka pampando mu 1991, ndege ya osewera mpira inagwa ku Gabon mu 1993, kadamsana uja anadetsa Lusaka masanasana mu Juni 2001. Funsani kuti, "Pamenepo n'kuti ndalama zitasintha kale?" Muona nkhani ikumasuka yokha.

Sutikesi ya pansi pa bedi ija itsegulidwe pamaso pa wamkulu wina wa banja, musatsegule nokha, mungadzatchedwe wakuba mapepala a nyumba. M'menemo mufunefune reji (chitupa cha unzika), khadi la ubatizo, mtchatho ndi kalata yopumira ntchito. Koma reji ya munthu wobadwa kumudzi m'ma 1930 musaikhulupirire ngati Baibulo. Ambiri anailembetsa ali akuluakulu kale, ndipo chaka ankachita kupenekera. Ya atate inati 1936. Azakhali anakana kwamtuwagalu, amvekere, "Ameneyu anabadwa chaka cha dzombe." Vuto n'lakuti dzombe linasautsa zaka zingapo m'ma 1930, ndiye mkangano ukanatha tsiku lonse. Tinagwirizana kutsata reji, chifukwa ndiyo yomwe ili pa chikalata cha imfa ndi chilolezo choikira maliro, ndipo pabokosi ndi papulogalamu pasakhale zaka zosiyana.

Mafupa a mbiri ndi odziwika, sindichedwapo: dzina lonse ndi mfunda, mudzi, mfumu ndi boma, makolo, sukulu, ntchito, ukwati, mpingo, matenda ndi tsiku lomwalira, kenako amene wawasiya. Mudzi ndi mfumu mutchule molondola, chifukwa amene abwera pabasi usiku wonse kuchokera kum'mawa akudikira mawu amenewo. Atate anali a ku Katete, kwa Mbang'ombe, ndipo anabatizidwa mumpingo wa Adatchi womwe lero ndi Reformed Church in Zambia. Maina akale muwasiye momwe mwiniwake ankawatchulira, n'kuonjezera atsopano. Ine ndinalemba kuti ukalipentala anauphunzira ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata, ndipo ndinaona madoda a imvi akugwedeza mitu. Sitandade 6 isasanduke giredi 6, pakuti nthawi imeneyo amene wafika Sitandade 6 anali wophunzira woti n'kulemberako mudzi wonse makalata.

Pa chiwerengero cha ana mpomwe pali dzenje. Ndinawawerengera amama zomwe ndinalemba: "Malemu asiya mkazi, ana 7..." Anandigwira dzanja. "Ndinabereka 9 ine. Awiri aja mwawaika kuti?" Woyamba kubadwa, uja anali kumbuyo pa ufulu, anamwalira ndi chikuku asanakwanitse zaka zitatu. Mlongo wanga wina tinamuika ku Chingwere mu 1998. Ine ndinkawerenga amoyo, iwo ankawerenga ana awo. Choncho lembani zonse ziwiri: Mulungu anawapatsa ana 9, awiri anatsogola, atsala 7. Adzukulu muwawerenge nyumba ndi nyumba, motchula maina, ndipo wina awerengenso payekha. Mukaphonya mmodzi, make sadzaiwala mpaka kalekale. Ndipo ngati m'banjamo muli mwana wa kwina, kapena mkazi woyamba amene ukwati unatha, nkhaniyo si ya mlembi. Ipititseni kwa akuluakulu a mbali zonse ziwiri usiku womwewo, agamule iwo, inu mulembe zomwe agwirizana. Ndinaonapo kumanda kwina munthu wa zaka 40 akumva chiwerengero chomwe iye mulibemo, anangotembenuka n'kumapita nkhata ili m'manja.

Tsopano pomwe pagona nkhani. Mbiri zambiri zomwe timamva kumanda a ku Leopards Hill kapena ku Chingwere zimafanana ngati anakopera pa pepala limodzi: anali munthu wabwino, wokonda banja lake, woopa Mulungu, wokonda kuseka ndi aliyense. Mawu amenewa si abodza ayi, koma angakwane pa bokosi lililonse lomwe lalowa pachipata tsiku limenelo. Munthu amene wakhala m'banja zaka 61 sangathere m'mawu oti "wokonda mkazi wake". Funsani kuti chikondicho ankachichita bwanji ndi manja ake.

Ine funso lomwe linanditsegulira chitseko linali lakuti, "Amama, sabata yamawa n'chiyani chomwe mudzayambe kuchisowa?" Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Singano zanga." Sindinamve. Anandilozera katani ya pazenera la kuchipinda. M'mphepete mwake munali singano zisanu zobayidwa mondondozana, iliyonse ndi ulusi wake wautali, ziwiri wakuda, ziwiri woyera, imodzi wofiira. Maso a amama anayamba kuchita nkhungu zaka zoposa khumi zapitazo, koma kusoka sanafune kusiya. Ndiye Lamlungu lililonse madzulo atate ankakhala pakhonde ndi magalasi awo omangidwa ndi waya, n'kulowetsa ulusi m'singano zokwanira sabata yonse. Ife ana tinkalowa m'chipindamo kawirikawiri osaziona. Ndinalemba zimenezo m'ziganizo zitatu, osaonjezera ndemanga, ndipo zitawerengedwa m'tchalitchi azimayi a chigwirizano anabuula onse pamodzi.

Chotero zungulirani. Funsani mnzawo wakuntchito ngati alipo wamoyo, funsani woyandikana naye nyumba, funsani mdzukulu wamng'ono. Mdzukulu sadziwa kukometsera, amangonena zomwe anaona. Wina wa zaka 9 anandiuza kuti, "Ambuya anandipangira kampando, pansi pake pali nambala yanga." N'zoona: mdzukulu aliyense akayamba kuyenda, atate ankamukhomera kampando ka matabwa otsala, n'kulemba chaka chake chobadwa kunsi ndi msomali wootcha pambaula. Nkhani ziwiri zoterozo n'zokwanira. Mukaika zisanu zimaphana zokha.

Musaope kakhalidwe kamodzi kosonyeza kuti anali munthu. Atate anali ouma mutu pa nthawi. Geti ankakhoma 19 koloko, kaya ndiwe mwana wa sukulu kaya ndiwe mpongozi wobwera ndi galimoto. Nditatchula zimenezo anthu anaseka misozi ili m'masaya, ndipo kusekako kunapepuza mitima. Koma nthabwala zenizeni zisiyireni a chimbuya chathu, Abemba, omwe mwamwambo timaselewulana nawo, amene adzakhale atakupakani kale ufa kumaso n'kumanena kuti mkuluyu wathawa ngongole ya mbewa. Imeneyo ndi ntchito yawo, ndipo amaidziwa. Zoti ankamwa, zoti anakangana ndi m'bale wake pa munda, za ndale zomwe zingagawe anthu, zonsezo zitsale kunyumba. Za matenda funsani banja kuti litchulidwe kapena ayi. Ngati sakufuna, "anadwala kwa miyezi itatu" n'zokwanira, ndipo musaloze chala chipatala kapena munthu pamaso pa bokosi.

Zaka za dziko muzilowetse pokhapokha pomwe zinakhudza moyo wake. Sindinalembe mbiri ya Zambia, koma ndinanena kuti anafika mu Lusaka mu 1957 pa lole, ulendo wa makilomita pafupifupi 500 mu Great East Road, atanyamula sowo ndi pulena m'thumba la chimanga. Ndinanenanso kuti anapuma ntchito mu 1991 atakwanitsa zaka 55, ndiponso kuti nyumba ya kansolo yomwe analereramo ana onse inakhala yawo mu 1996, pomwe boma la a Chiluba linagulitsa nyumbazo kwa okhalamo. Theka la anthu a m'tchalitchimo anagula zawo chaka chomwecho, ndiye anamva kuti akunena mnzawo.

Kutalika kwake kusapose mphindi zisanu, ndiye kuti tsamba limodzi ndi theka lolembedwa pakompyuta. Abusa ali ndi ulaliki wawo, kuona nkhope kumatenga nthawi, galimoto ya bokosi ili ndi ola lake, ndipo kumanda mukapeza maliro ena akudikira. Chiyankhulo chake musankhe chomwe namfedwa amamva. Zimandiwawa kuona gogo atakhala kutsogolo mwamuna wake akutamandidwa m'Chingerezi chomwe iye sakutolapo kanthu. Chingerezicho chiikeni papulogalamu chifukwa cha adzukulu a ku Woodlands ndi apongozi a mitundu ina, koma pakamwa patuluke chathu. Mukamaliza kulemba, werengani mokweza kuseri kwa nyumba. Pomwe mpweya wakutherani, dulani chiganizocho pawiri. Kenako kawerengereni amama ndi wamkulu mmodzi wa kwa malemu, asinthe zomwe akufuna kusintha musanasindikize.

Kusindikiza musadikire m'mawa wa tsiku loika. Magetsi amathima osatsanzika, ndipo mnyamata wa pamsika wosindikiza mapepala satsegula 6 koloko chifukwa cha inu. Sindikizani dzulo lake makope atatu, zilembo zikuluzikulu. Limodzi likhale ndi inu, lina ndi woyendetsa mwambo, lachitatu ndi munthu amene adzaime pambali panu. Munthu ameneyo ndi wofunika. Ine ndinadzikhulupirira kuti ndine wolimba mtima, koma nditafika pa mawu oti "singano" mmero unatseka. Msuweni wanga, amene ndinamupatsa kope lachitatu mongoyerekeza, anapitiriza pomwe ndinalekezera ngati tinachita kupangana. Musankhe wa mawu omveka amene ubale wake ndi wapatali pang'ono, ndipo maina a midzi muyeserere naye, asakapunthwe pa Mbang'ombe.

Maliro akatha pepalalo lisatayike pamodzi ndi mapulogalamu otsala. Lijambuleni, mulitumize pa gulu la WhatsApp la banja limodzi ndi mawu aja munajambula mbandakucha. Mudzalifuna pa tsiku lovundukula chiliza, ndipo pamenepo mpata umakhalapo wobwezeramo zomwe munadula. Ife pa chiliza cha atate tinauza mdzukulu aliyense kuti abwere ndi kampando kake. Anabwera nato 21 mwa 23. Kamodzi kanadyedwa ndi chiswe ku Kabwe, kena mwini wake ali ku Johannesburg ndipo anangotumiza chithunzi cha kunsi kwake, pomwe pakuoneka 1994 wopsa ndi msomali.