Wotchi ya VM ikamatsalira, chitani izi

Achimwene, mwati wotchi ya VM (kompyuta yongoyerekeza yomwe imayenda mkati mwa kompyuta ina) pa seva yanu ya KVM (mbali ya Linux yoyendetsera ma VM) ku Mangochi ikumatsalira. Host (seva yeniyeni yomwe ikuyendetsa VM) ikatanganidwa, ma interrupt a timer (zizindikiro zomwe VM imawerengera nthawi) amachedwa kapena kutayika, ndiye VM imawerenga nthawi yoperewera.

1. Yambani ndi host. Ikanimo chrony (pulogalamu yowongola wotchi kudzera pa netiweki), muone zomwe `chronyc tracking` ikunena. Host ikasokonekera, ma VM onse amasokonekera nayo.

2. Mu VM ya Linux, fayilo ya /sys/devices/system/clocksource/clocksource0/current_clocksource izionetsa kvm-clock (wotchi yomwe VM imawerenga kuchokera kwa host).

3. Windows ndiye imavuta kwambiri. Mu XML ya libvirt (fayilo ya makonzedwe a VM) lembani `<timer name='rtc' tickpolicy='catchup'/>`. Mukatero QEMU (pulogalamu yomwe imayendetsa VM pamodzi ndi KVM) imasunga ma tick (ma interrupt a timer aja) omwe sanafike n'kumawabwezera mpaka wotchi ifanane ndi ya host. Sitepe imeneyi musaidumphe ayi.

4. Mu VM ya Linux ikaninso chrony, ndi `makestep 1.0 3` mu makonzedwe ake. Ikamayamba, monga magetsi akabwera, imakonza nthawi kamodzin'kamodzi, kenako imangowongola pang'onopang'ono, zomwe database imafuna.

5. VM ikaimitsidwa kaye kenako n'kuyambiranso, lembani `virsh domtime dzina --sync` pa host; pa `dzina` ikanipo dzina la VM yanu. Pamafunika qemu-guest-agent, pulogalamu ya mu VM yomwe imalandira malamulo a host.

Ngati kusiyanako kuli maola 2 enieni, vuto ndi timezone: sankhani Africa/Blantyre.