Mwagula kompyuta yatsopano? Osagulitsa kaye yakaleyo

Abale anga a kuno ku Harare, mukagula laputopu ina mtauni umu musathamangire kufufuta yakale ija. Choyamba pezani external drive, fulashi imachepa, mukopere mafoda a Documents, Desktop, Pictures ndi Downloads, ndipo laputopu ikhale yodzadza batire chifukwa magetsi athuwa amatha kuthima muli pakati. Zithunzi za kumudzi ndi mapepala ofunika ikaninso pa Google Drive, amapereka 15GB yaulere. Mukamaliza tsegulaniko mafayilo angapo pa drive ija muone ngati akutsegukadi.

Koma chimene ambiri amaiwala ndi ntchito zija kompyuta imachita yokha nthawi ikakwana. Achimwene anga ku Highfield amalemba maakaunti a shopu, backup yawo (kukopera mafayilo pena kuti asatayike) inkayenda yokha usiku uliwonse, atasintha kompyuta panadutsa masabata osadziwa kuti inaima, zinandiwawa kwambiri.

Ndiye pa Windows yakaleyo tsegulani Task Scheduler, pulogalamu yoyendetsa ntchito zimenezi (ma task), lowani mu Task Scheduler Library, dinani kumanja pa task yomwe munapanga nokha musankhe Export, ituluka fayilo ya XML. Zomwe zinabwera ndi Windows zisiyeni. Pa yatsopano sankhani Import Task, kenako pa General sinthani dzina la user, pa Actions onetsetsani kuti njira ya foda ndi yolondola chifukwa drive yomwe inali D imatha kukhala E, komanso script yakeyo (fayilo ya malamulo yomwe task imayendetsa) muikopere payokha, XML siyinyamula. Dinani Run muone ngati yayenda.

A Linux, kuti musamutse ntchito zimenezi, pa yakaleyo lembani crontab -l > ntchito.txt, mukopere fayiloyo pa yatsopano, kenako lembani crontab ntchito.txt basi.