Wina ntchito ku Blantyre, mnzake ku Zomba: mmene mungasankhire pokhala kuti malipiro asathere m'minibasi

Chiyambire pomwe mayi a kunyumba anawatumiza ku Zomba ine ndikugwirabe ntchito yanga cha ku Ginnery Corner, anthu akhala akundifunsa kuti kodi mumatha bwanji. Mabanja otere alipo ambiri ndithu, wina ndi nesi ku Queens mnzake akuphunzitsa ku Chanco, wina ali ku banki mu Victoria Avenue mnzake ku MANEB kapena ku National Statistical Office, osaiwala asilikali a ku Cobbe Barracks omwe akazi awo ali ndi bizinesi mu Limbe. Zomba inasiya kukhala likulu mu 1975 koma maofesi ena aboma sanasamuke, nde anthu amatumizidwabe kumeneko kaya afune kaya asafune. Lendi ya nyumba ziwiri siyingatheke, banja lokumana Loweruka lokha nalonso limatopetsa, ndiye mumayamba kuganiza zopeza pokhala poti nonse muzidzuka nyumba imodzi wina kulowera uku wina uko.

Msewu ndi umodzi basi, M3, ndipo kuchoka mtauni mwa Blantyre kukafika ku Zomba ndi makilomita osafika bwinobwino 70. Sikutali ayi. Koma mukasankha molakwika, mtunda womwewo ukudyerani ndalama ndi tulo tomwe.

Choyamba, mapu aikeni pambali, tengani wotchi

Cholakwa chomwe tonse timayambira ndi kutsegula Google Maps nkuloza pakati penipeni nkumati apa nde pabwino, aliyense ayenda theka. Ife tinaloza cha pa Namadzi. Pamapu zimaoneka zachilungamo koma mseu suyenda chimodzimodzi mbali zonse. Wopita ku Zomba akangokwera amangoyenda mpaka kukatsika, tauni yake ndi yaying'ono ndipo maofesi ambiri ungafike wapansi kapena pa kabaza. Wopita ku Blantyre ulendo wake suthera pa Limbe. Minibasi imakutula pa depoti, uyambe kusaka ina yolowera mtauni, kenako Chipembere Highway m'mawa magalimoto ali bampa ku bampa, pa Chichiri kuima, pa Ginnery Corner kuima, ndipo ngati ofesi ili cha ku Wenela kapena ku Chirimba nde wonjezerani ulendo wachitatu. Kagawo kakang'ono ka Limbe kufika mtauni nthawi zina kamadya nthawi yofanana ndi msewu wonse wa Njuli kufika ku Zomba.

Nde chitani chonchi: aliyense ayese ulendo wake tsiku la ntchito, Lolemba m'mawa ndi Lachisanu madzulo, osati Lamulungu masana mseu uli mbee. Lembani nthawi kuyambira potseka chitseko kufikira pokhala pampando ku ofesi. Mukaphatikiza mupeza kuti pakati penipeni pa nthawi pali kufupi ndi Limbe kuposa mmene mapu akunenera.

Chachiwiri, kaimeni pa siteji 6 koloko m'mawa

Apa ndi pomwe pali nkhani yonse ndipo anthu ambiri sapaganizira. Minibasi sinyamuka pa depoti isanadzaze, kaya ku Limbe kaya ku Zomba, ma call boy amakuwa mpaka mpando womaliza. Tanthauzo lake nlakuti iwe wokhala pakati umangoona minibasi zikudutsa zodzadza kale, kondakitala kungokukwezera dzanja kuti palibe malo. Umakwera pokhapokha wina atatsika pa siteji yako, kapena akupanikize pampando wa anthu atatu mukhale anayi, ntchafu imodzi ili mlengalenga, shati yosita bwinobwino kukafika ku ofesi ili ngati yatuluka mkamwa mwa ng'ombe.

Ine ndinakaima pa siteji ina ya pakatipo tsiku lina mu June, chiperoni chitavuta, nkhungu yoti galimoto umayamba kuimva kulira usanaione. Ndinafika 5:50. Zinadutsa minibasi zinayi osaima, Sienta imodzi inaima koma munali kale anthu mpaka ku buti. Mayi wina wogulitsa mbatata yootcha pambalipo anandiyang'ana nkuseka, akuti "Achimwene, ngati mukuthamangira ku ofesi nde mwachedwa kale, anzanu amaima pano 5 koloko." Ndinakwera cha m'ma 6:30, pa desiki ndinafika bwana atayamba kale miting'i. Mawu a mayi uja ndi omwe anasintha pulani yathu yonse.

Nde siteji iliyonse yomwe mukuiganizira, kaimenipo nokha m'mawa, ndipo chezani ndi ogulitsa pamenepo, a kabaza ndi alonda. Iwowo amadziwa kuti galimoto zimayamba nthawi yanji, zimasiya nthawi yanji, tsiku la msika zimavuta bwanji. Funsaninso za madzulo, chifukwa kubwerera nkosavuta ukamakwerera pa depoti, koma makondakitala ena safuna munthu wotsikira panjira pomwe pali anthu ofika kumapeto, kapena amakulipiritsa mtengo wa ulendo wonse.

Chachitatu, werengerani ndalama zonse osati lendi yokha

Nyumba za pa Mbulumbuzi, Namadzi kapena Thondwe ndi zotchipa poyerekeza ndi Chinyonga kapena Kanjedza, izi nzoona, ndipo ndi zomwe zimakopa anthu. Koma tengani pepala. Transipoti ya munthu mmodzi kupita ndi kubwera, kuphatikiza kabaza wochoka kunyumba kufika pamsewu ndi minibasi yachiwiri ya mtauni, muchulukitse ndi masiku 22 a ntchito. Chitaninso chimodzimodzi kwa mnzanuyo. Tinene mwachitsanzo chabe kuti aliyense akuwononga K8,000 patsiku, anthu awiri ndi K352,000 pamwezi, lendi musanaikepo. Mukafanizira ndi kukhala kumapeto kumodzi komwe mmodzi yekha ndi amene akuyenda ulendo wautali, nthawi zambiri kusiyana kwake nkochepa, mwinanso pakatipo nde podula.

Ndipo pa nambala yomwe mwapezayo onjezani kenakake pamwamba. Tonse tinaona zomwe zinachitika kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya minibasi inadumpha posakhalitsa koma malipiro anatsala pomwe anali. Mafuta akasowa nde zimanyanya, minibasi zambiri zimagona pamzere ku filling station, zochepa zomwe zili pamsewu zimatchula mtengo womwe zafuna. Wokhala mtauni amatha kuyenda wapansi tsiku limenelo. Wokhala pa Namadzi ayenda wapansi kupita kuti?

Amene muli ndi galimoto musanyade msanga. Galimoto ndi imodzi, njira ndi ziwiri zosiyana, nde mmodzi akwerabe minibasi. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi kupeza anzanu a njira imodzi nkumasonkherana mafuta, magulu otere pa WhatsApp alipo, funsani ku ofesi kwanu.

Chachinayi, gwirizanani kuti afike msanga kunyumba ndi ndani

Iyi si nkhani ya masamu, ndi ya m'banja, ndipo ikambeni poyera musanasamuke. Mwana akadwala kusukulu 10 koloko, athamangire ndani? Ngati nonse muli mtunda wa ola limodzi ndi kanthu, wina kumpoto wina kumwera, palibe amene ali pafupi. Ndi chifukwa chake ine ndimati kuli bwino mmodzi akhale pafupi kwambiri ndi ntchito, winayo avutike ulendo wautali, kusiyana nkuti nonse muzivutika theka theka. Amene ntchito yake ili ndi ma shifiti ausiku, monga anamwino, ndi amene ayenera kukhala pafupi, palibenso zokambirana. Aphunzitsi omwe amaweruka masana amatha kupirira ulendo wautali chifukwa amabwerera kusanade.

Ganiziraninso chipatala ndi sukulu. Zipatala zazikulu zili kumapeto, Queens ndi Zomba Central, pakatipa mudalira zipatala zing'onozing'ono kapena chipatala cha boma cha Chiradzulu chomwe sichili pamsewu waukuluwu. Pakati pa usiku mayi woyembekezera atayamba kumva kupweteka, galimoto muipeza kuti? Funso limeneli likhale ndi yankho lokhala ndi nambala ya foni.

Chachisanu, yenderani malowo limodzi limodzi

Kuchokera ku Limbe, malo oyamba kuwaganizira ndi mbali ya Kachere ndi Mapanga. Ubwino wake ndi wakuti wopita ku Zomba ali kale pa M3, sadutsanso mu chipwirikiti cha Limbe, pomwe wa ku Blantyre ali ndi minibasi za mtauni zambirimbiri. Ukapitirira umafika pa Njuli, pomwe pali kwale ya miyala, nde yang'anani komwe mphepo imaombera chifukwa fumbi ndi phokoso la malole si masewera ngati muli ndi mwana wa chifuwa. Mbulumbuzi ndi Namadzi ndi ma trading centre a mbali ya Chiradzulu, zakudya nzotchipa, tomato, kabichi, nandolo, mbatata umagula kwa mlimi weniweni, ndipo kufupi ndi Namadzi ndi komwe kuli Magomero kuja kunachitikira nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. Thondwe ili kale mbali ya Zomba, kufupi ndi malo a kafukufuku wa zaulimi a Makoka, msika wake ndi wotchuka ndipo tsiku la msika pamsewu pamadzaza anthu, njinga ndi katundu moti galimoto zimachita kukwawa. Thondwe ndi yabwino kwa banja lomwe mtima wake uli ku Zomba, koma wa ku Blantyre akonzeke kudzuka ndi nkhuku.

Kulikonse komwe mwakonda, yezani mtunda wochoka panyumba kufika pa tala. Nyumba yokongola yotchipa koma ili mphindi 25 kuchoka pamsewu, nyengo ya mvula a kabaza amakana kapena kukweza mtengo, nsapato zaku ofesi uzinyamula mu jumbo.

Chachisanu ndi chimodzi, madzi, magetsi ndi netiweki

Landilodi aliyense amati madzi savuta. Musamumvere, funsani mayi wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo yang'anani kuseri ngati kuli zigubu ndi madiramu ambiri, zimenezo zimanena zoona kuposa pakamwa. Dziwani ngati mpopi ndi wa Blantyre Water Board, wa Southern Region Water Board, kapena ndi mjigo wa mudzi wonse womwe muzikaima pamzere. Munthu wonyamuka 5 koloko alibe nthawi yodikira ndowa. Magetsi onetsetsani kuti mita ya ESCOM ndi yanuyanu, zogawana mayunitsi ndi nyumba zitatu zimathera mkangano. Netiweki yesani Airtel ndi TNM muli mkati mwa chipinda chogona, osati pabwalo, pali nyumba zina kuti utumize ndalama pafoni umachita kukwera pachulu.

Chinanso chomwe kale sitinkachilabadira: malo enieniwo. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anatiphunzitsa, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe, ku Chiradzulu nako mudzi wa Ntauchira unakokoloka. Nde musanakonde nyumba chifukwa cha kaonekedwe ka phiri pakhonde, yang'anani ngati ili munjira ya madzi, funsani achikulire a pamalopo kuti mvula yaikulu ikagwa madzi amadutsa pati, ndiponso ngati pali kamlatho komwe kamadula njira yopita kumsewu.

Chomaliza, yambani ndi lendi, poloti idikire

Mukangofika pa trading centre nkudziwika kuti ndinu apantchito, anthu ogulitsa malo akupezani sabata yomweyo. Mtengo ukoma, koma ugwireni mtima. Malo ambiri pakatipa ndi a makolo, ali pansi pa mafumu, ndipo kuno malo amayendera kuchikazi, nde amalume akhoza kukugulitsani munda womwe eni ake enieni ndi alongo awo ndi ana awo, mawa mukupezeka muli pabwalo la amfumu njerwa mutaumba kale. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linabweretsa makomiti oona za malo, nde nthawi yogula ikadzafika mudzadutse kwa amfumu, kukomiti ndi ku ofesi ya za malo kwa DC, banja lonse logulitsalo litasainira. Komanso boma lomwe linakutumizani ku Zomba likhoza kukutumizani ku Mangochi chaka chamawa.

Chitani lendi miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, makamaka ikhudze nyengo ya mvula, ndipo musalole kulipira miyezi yambiri pakamodzi ngakhale landilodi akakamire. Mukatha mwezi woyamba khalani pansi muonenso kapepala ka ndalama kaja ndi nthawi yomwe aliyense akufikira kunyumba.

Ife tinayesa pakatipo miyezi inayi, zinatikanika, ana tinkangowaona ali mtulo. Pano tili mbali ya Mapanga. Mayi a kunyumba amanyamuka 5:40, ali ndi dalaivala wa Sienta yemwe amawasungira mpando wakutsogolo bola atumize uthenga usiku, ine ndimaperekeza ana kusukulu kenako nkulowera ku Limbe. Lachisanu akamabwerera amatsika kaye pa Thondwe kugula ndiwo zamasamba, nde Loweruka kumsika sitipitanso.