Mmene Ndinathetsera Vuto la Malo Omangapo Mudzi mu Age of Empires II

Kwa nthawi yaitali ndinkagonja mu Age of Empires II, masewera a pakompyuta a nkhondo zamakedzana amene anatuluka mu 1999, chifukwa cha malo amene ndinkasankha pomanga likulu lachiwiri la mudzi. Ndinkakonda chigwa chathyathyathya chifukwa minda inkayalika bwino mozungulira nyumbayo, koma adani akabwera ndi oponya mivi ankaima pamtunda n'kumapha anthu anga mmodzimmodzi ali mkati molima.

Nditaoneranso nkhondo zimene ndinagonjazo, ndinazindikira kuti gwero la vutoli linali kukwera ndi kutsika kwa nthaka. M'masewerawa, msilikali amene akuukira ali pamalo okwera mphamvu yake imawonjezeka ndi 25 peresenti, pamene woukira kuchokera m'munsi mphamvu yake imachepa ndi mlingo womwewo.

Tsopano ndisanawononge mitengo 275 ndi miyala 100 pa likulu latsopano, ndimayamba ndatumiza wokwera pahatchi kuti akazonde dera lonse. Ndimafunafuna malo amene golide ali pafupi, nkhalango yatchinga kumbuyo ngati mpanda, ndipo palibe chitunda chimene mdani angaimepo. Chitundacho chikakhalapo, ndimamangapo linga ngakhale kuti limadya miyala 650, pakuti kuchisiya chopanda mlonda n'kupereka mudzi wonse m'manja mwa mdani. Minda imapanikizana pang'ono pamalo oterowo, ndipo zimenezo ndinazivomereza. Ulendo wotsatira oponya mivi aja anakakamizika kuukira ali m'munsi mwa linga, anthu anga akukumba golide osasokonezedwa.